Fomu 4 ngati ligi: malangizo a kochi kwa amene akukonzekera MSCE

Chaka chilichonse funso limakhala lomwelo. Ena amandifunsa pabwalo tikamaliza training, ena pa WhatsApp usiku, ena amatuma makolo awo: "Akochi, nditani kuti ndikhoze Fomu 4?" M'mawa ndimakhala m'kalasi, masana ndimaphunzitsa mpira wa miyendo ndi wa manja pasukulu yoyendera, ndiye ndaganiza zolemba yankho kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera pano.

Ana anga, chimene chimandidabwitsa n'chakuti nonse mumadziwa kuti munthu sakhala katswiri wa mpira chifukwa choonera ligi ya ku England mu video show. Koma mukafika pa mabuku mumachita zomwezo. Mumatsegula notsi, maso n'kumayenda tsamba ndi tsamba, kenako mumvekere "lero ndawerenga kwambiri". Kumeneko n'kuonera. Zimene ndalemba m'munsimu ndi zomwe ndimachititsa timu, ndangozisamutsira pa desiki.

1. Dziwani malamulo a mpikisano musanalowe m'bwalo

Palibe kochi amene amalowetsa timu mu ligi asakudziwa mmene mapointi amawerengedwera. Koma ndimakumana ndi ana a Fomu 4 amene sadziwa mmene MANEB, bungwe loyendetsa mayeso, imaperekera magiredi.

Phunziro lililonse limalandira giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe, ndipo 9 ndiye kulephera. Mukamva kuti uje "wapeza mapointi 14", aphatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino kwambiri. Apa ndi posiyana ndi ligi, chifukwa wa mapointi ochepa ndiye ali pamwamba, ndipo 6 ndiye pothera.

Pali malamulo awiri amene amagwetsa ana anzeru chaka ndi chaka. Loyamba, mukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale Masamu mutapeza 1. Lachiwiri, kuti NCHE, bungwe limene limayendetsa zosankha ophunzira opita ku mayunivesite aboma, likuganizireni ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST, pamafunika ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Tiyerekeze mtsikana wapeza 1, 2, 2, 2, 3 ndi 3 m'maphunziro ena, koma Chingerezi wapeza 7. Satifiketi alandira, kumudzi amuimbira nthungululu, koma khomo la yunivesite yaboma latsekeka. Mnzake wa 4, 4, 4, 5, 5 ndi 5, Chingerezi chili pakati pa zimenezo, ali ndi mwayi wopikisana nawo ngakhale mpikisano wake ndi wothina.

Dziwaninso kuti kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Wofuna zaudokotala kapena zaunamwino sangathawe Biology ndi sayansi zinzake, wofuna uinjiniya sangathawe Masamu ndi Physics. Funsani aphunzitsi akuonetseni chikalata cha NCHE cha chaka chatha, muwerenge nokha zimene kosi yanu imafuna, panopa, nthawi yokonza ikadalipo.

2. Pezani mwendo wanu wofooka

Wosewera aliyense ali ndi mwendo umene amaukonda. Mukamusiya yekha pabwalo, ola lonse azingomenya ndi wamanja, chifukwa umam'sangalatsa ndipo anzake amam'chemerera. Tsiku la masewero otchinga kumbuyo amam'kankhira kumanzere, basi wathera pomwepo.

Tengani lipoti la teremu yatha kapena zotsatira za mock, mayeso oyeserera aja amene mumalemba MSCE isanafike. Gawani maphunziro anu patatu: amene muli kale pa 1 mpaka 3, amene muli pa 4 mpaka 6, ndi amene muli pa 7 kupita m'munsi. Ndiye werengani ngati wamalonda. Kuchotsa phunziro pa 2 kulifikitsa pa 1 kumadya nthawi yambiri, phindu lake ndi pointi imodzi. Kulichotsa pa 7 kulifikitsa pa 5 kumakupatsani mapointi awiri komanso credit imene munalibe. Choncho nthawi yanu yabwino kwambiri, ija mutu umakhala wozizira, ipite ku phunziro limene mumalizemba. Limene mumalikonda lizibwera kumapeto ngati malipiro.

Cholakwa chofala apa ndi kulekeratu maphunziro n'kutsala ndi asanu ndi limodzi enieni. Timu yopanda benchi imatha ndi kuvulala kumodzi. Sungani limodzi kapena awiri apadera amene mukuwasamalira ndithu, kuti pepala lina likakutembenukirani pakhale wolowa m'malo.

3. Konzani training ya sabata, yoti mungaikwanitse

Ndaona matebulo owerengera okongola, olembedwa ndi mabolopeni amitundu itatu, oyambira 3 koloko m'mawa mpaka pakati pa usiku. Amakhala pakhoma sabata imodzi, kenako amasanduka chophimbira ming'alu. Lembani yoona. Ikanimo nthawi yoyenda kupita ndi kuchokera kusukulu, yotunga madzi, ya kumunda, ya kutchalitchi kapena kumzikiti. Nthawi yotsalayo ndiyo yanu.

Igaweni ngati masewero: mphindi 45 pa phunziro limodzi, kupuma mphindi 15, mphindi zina 45 pa phunziro lina. Zigawo ziwiri kapena zitatu zotere tsiku lililonse, kuphatikiza pa zimene mwaphunzira m'kalasi, zimaposa kutali kuchezera usiku wonse Loweruka lokha. Mutu umene mwawerenga lero muubwerezenso pakatha masiku awiri kapena atatu, kenako pakatha sabata, chifukwa chinthu chimakhazikika m'mutu mukachikumbutsa chitayamba kuiwalika. Foni ikhale m'chipinda china kapena m'manja mwa amayi mpaka chigawo chithe.

Kwa inu makolo amene mukuwerenga nawo: mtsikana wa Fomu 4 akamaphika, kutsuka mbale ndi kusamalira ana mpaka mdima, mchimwene wake ali pa mabuku, musadabwe zotsatira zikasiyana. Gawani ntchito za pakhomo mwatsopano miyezi imeneyi.

4. Siyani kuonera, yambani kusewera

Werengani mutu umodzi, mwachitsanzo kayendedwe ka magazi m'thupi. Tsekani buku. Tengani pepala loyera mulembe zonse zimene mukukumbuka, mujambule mtima ndi zipinda zake zinayi, mulembe mayina a mitsempha ikuluikulu ndi kumene magazi akulowera. Mukamaliza, tsegulani buku muyerekeze. Mudzakhumudwa kuona kuchepa kwa zimene zatuluka, koma kuvutika kokumbukira kuja ndiko training yeniyeniyo. Kuwerenga kachiwiri ndi kachitatu kumangokupatsani chinyengo chakuti mukuzidziwa, poti maso azizolowera.

Kamodzi pa sabata sewerani friendly. Tengani past paper, pepala la mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo, muone nthawi imene yalembedwa pamwamba pake, muike wotchi patsogolo, mulembe lonse osatsegula buku, osafunsa munthu, osadzuka. Nthawi ikatha ikani cholembera pansi ngakhale muli pakati pa chiganizo. Ambiri amawerenga mapepala akalewa ali ndi mayankho pambali, n'kumagwedeza mutu kuti "eya, ndikanayankha chonchi". Osatero. Mwawononga pepala limene likanakuuzani zoona.

Mukaphunzira ku CDSS kapena open school, musagonje musanasewere chifukwa chomva mayina a sukulu zikuluzikulu. Mu 2018, pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast, ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53, dziko limene lili ndi ligi yolipira osewera ndi mabwalo amene ife timangowaona pa kanema. Sindikunena kuti zinthu n'zofanana ayi. Wopanda labu ali pamavuto enieni pa mapepala a practical a Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture. Koma njira yake ndi kupempha aphunzitsi, nthawi ikadalipo, kuti akambirane ndi sukulu ya mu cluster yanu imene ili ndi zipangizo, kuti musakagwire burette, chipangizo choyezera zamadzimadzi mu labu, koyamba tsiku la mayeso.

5. Khalani pansi ndi masewero amene mwagonja

Apa ndiye povuta, ndipo ndi pamene alangizi ambiri amadumpha. Ndikhalapo pang'ono.

Timu ikagonja Loweruka, training ya Lolemba imakhala yowawa. Timakhala pansi pa mtengo, n'kuyamba kutsata chigoli chilichonse chimene tinamwetsedwa: mpira unatayika pati, ndani sanabwerere, goloboyi anaima kuti. Palibe amakonda zimenezi. Wina amaloza woyimbira, wina bwalo, wina dzuwa. Koma timu imene imakana kukhala pansi motere imamwetsedwa chigoli chomwecho sabata yotsatira.

Nanga inu pepala la mayeso likabwerako lili ndi 34 pa 100, mumatani? Ndimakuonani. Mumasuzumira pangodya, n'kulipinda kanayi, kuliponya pansi pa chikwama. Ena mumakulungira mandasi. Chikhalirecho pepala limenelo ndi lamtengo wapatali kuposa buku lililonse, chifukwa buku linalembedwera aliyense, pamene pepalalo likunena za inu nokha.

Gulani kope limodzi, likhale la zolakwa basi. Pepala lililonse lochongedwa, kaya ndi test ya m'kalasi, mock kapena friendly imene mwadzichongera nokha, lidutse mu kope limeneli pasanathe masiku awiri. Funso lililonse limene mwataya malikisi mulikopere, pansi pake mulembe yankho lanu lolakwikalo monga linalili, kenako mudzifunse kuti chigolichi chinalowa bwanji. Njira zake zimakhala zinayi, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake.

Yoyamba: simunkadziwa n'komwe. Mutu umenewo simunaphunzire kapena simunaumvetse. Mankhwala ake ndi kubwerera ku buku ndi kwa mphunzitsi.

Yachiwiri: munkadziwa koma molakwika. Iyi ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa munalemba ndi mtima wonse. Mnyamata amalemba kuti (x + 3)² ndi x² + 9, osakayika ngakhale pang'ono. Akangouzidwa kuti yankho ndi x² + 6x + 9 n'kukopera, mwezi wamawa abwereza zomwezo. Chofunika n'kuyesa ndi nambala: ikani 2 m'malo mwa x. 2 kuphatikiza 3 ndi 5, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi 25. Njira yake ija ikupereka 4 kuphatikiza 9, yomwe ndi 13. Akaona ndi maso ake kuti 13 si 25, ndiye amayamba kufunafuna kumene 12 wasowera, n'kumupeza mu 6x. Akatero sadzaiwalanso. Mu kope mulembe zonsezi, makamaka chifukwa chimene njira yakaleyo inali yabodza.

Yachitatu: simunamve funso. Anati "explain", inu mwangotchula. Anati perekani zifukwa ziwiri, mwalemba chimodzi chachitali. Anati yankho likhale mu mamita, mwasiya mu masentimita. Apa kuwerenga Biology yambiri sikungathandize. Chofunika n'kuzolowera kudula mzere pansi pa mawu olamula a funso musanayambe kulemba, ndi kuyang'ana malikisi ali pambali pa funsolo, poti funso la malikisi anayi silingakhutire ndi mzere umodzi.

Yachinayi: nthawi inatha, kapena munathamanga n'kutaya chizindikiro cha minus. Mankhwala ake ndi ma friendly ambiri ndi wotchi.

Pakatha mwezi, werengani kuti ndi njira iti imene ikubwerabwera. Ana ambiri amene amati "Masamu sindimatha" amapeza kuti gawo lalikulu la malikisi awo likutayikira pa njira yachitatu ndi yachinayi, zomwe zimakonzeka msanga kuposa mmene amaganizira.

Tsopano mbali imene imafuna kulimba mtima. Nyamulani kopelo mupite nalo kwa mphunzitsi wa phunzirolo. Ndikudziwa chimene chimakugwirani miyendo. Mumaopa kuti akuonani ngati mbuli, kapena anzanu azinena kuti mukudzigulitsa kwa aphunzitsi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma mafunsidwe ake akhale bwino. Mukafika n'kunena kuti "Sala, sindikumva Chemistry", palibe chimene angakuchitireni pa mphindi khumi za break, chifukwa mwawasenzetsa silabasi yonse. Nenani kuti, "Madamu, funso ili la mole ndinayenda chonchi, ndafika apa, sindikuona pamene ndasochera." Mphunzitsi wotopa bwanji amakhala pansi pa funso lotero. Afunseninso ngati sukulu ili ndi malipoti a chief examiner, amene MANEB imalemba pofotokoza mmene ana anayankhira ndi pamene ambiri anapunthwa. Atsikana, pitani awiri kapena atatu, ku staff room, masana. Mphunzitsi amene akuti mubwere nokha kunyumba kwake madzulo mum'kane, ndipo muuze mphunzitsi wamkulu kapena makolo.

Pomaliza, funso lililonse la mu kope mulilembenso pakatha masiku atatu, yankho litaphimbidwa, ndiponso pakatha masabata awiri. Mukalikhoza maulendo onse awiri, lichongeni kuti latha. Mukalilakwanso, libwerere pamzere. Pofika mwezi wa mayeso kope limeneli ndilo lidzakhale notsi zanu zowerenga komaliza.

6. Sankhani bwino osewera nawo

Gulu la discussion likhale la anthu atatu mpaka asanu. Likapitirira apo limasanduka bwalo la nkhani za Bullets ndi Manoma. Aliyense azibwera atayesa kale mafunso payekha, ndipo aliyense azipatsidwa mpata woima n'kufotokozera anzake popanda kuyang'ana m'buku. Gulu limene m'modzi amalankhula ena n'kumakopera limathandiza wolankhulayo yekha.

7. Thupi ndi lomwelo limene likalembe mayeso

Pali chizolowezi choviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, ena amamwa khofi wowirira kapena zakumwa zopatsa mphamvu. Ndikapeza wosewera wanga akuchita zimenezi usiku woti mawa kuli masewero, amayambira pa benchi. Zimene mwawerenga masana zimakhazikika m'mutu mukagona, ndipo wa msinkhu wanu amafunika maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Amene wachezera usiku amakhala ndi masamba ambiri amene wadutsamo, koma m'chipinda cha mayeso amawerenga funso katatu osalimva.

Musasiye masewero chifukwa choti muli Fomu 4. Makolo ena amabwera kudzandiuza kuti mwana wawo achoke mu timu kuti aziwerenga. Kawirikawiri ola limene wachotsa pabwalo limathera pa foni. Chepetsani, koma thamangani ndithu kawiri kapena katatu pa sabata. M'mawa idyani kanthu, kaya ndi phala, mbatata kapena chinangwa. Mukamva kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo, pitani kuchipatala akakuyezeni malungo tsiku lomwelo, osadikira kuti pepala lidutse kaye.

Sabata yomaliza timachepetsa training kuti miyendo ifike tsiku la masewero ili yopepuka. Inunso masiku omalizawo si oyambira mitu yatsopano. Dutsani mu kope la zolakwa, bwerezani ma formula, gonani msanga.

8. Likasa ndi khadi lofiira

Likasa ndi timapepala ta mayankho timene ena amalowa nato m'chipinda cha mayeso mobisa. Masiku ano kwabweranso anthu a pa WhatsApp amene amati ali ndi pepala lenileni, tumizani ndalama. Ambiri ndi akuba chabe, amakugulitsani mafunso akale osinthidwa chaka. Ndipo likakhala lenileni, mavuto ake ndi aakulu koposa. Mu November 2020 boma linathetsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana a dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu January 2021. Wogwidwa akubera amatha kulandidwa zotsatira ngakhale kukafika kupolisi. Zaka zinayi za fizi ya makolo anu zisathere pa kapepala ka m'sokosi.

9. Tsiku la masewero

Usiku wake ikani pamodzi chiphaso chanu cha mayeso, mabolopeni awiri, pensulo, rula, calculator ndi mathematical set. Onetsetsani tsiku ndi ola pa timetable ya MANEB ndi maso anu, osadalira zomva kwa mnzanu. Fikani msanga, ndipo mutalikirane ndi kagulu kaja kamene kamaima pakhomo n'kumafunsana kuti "kodi mutu wakuti unawerenga?" Mantha amapatsirana.

Pepala likafika, werengani malangizo onse a pamwamba kaye, makamaka pamene akuti musankhe mafunso angati m'gawo liti. Gawani nthawi molingana ndi malikisi. Mu mpira wa manja wosewera saloledwa kugwira mpira kupitirira masekondi atatu, aponye basi. Funso likakukanikani chitani chimodzimodzi: ikani kachizindikiro pambali, pitani kutsogolo, mudzalibwerere mukatolera malikisi osavuta. Pa Masamu ndi sayansi onetsani njira yonse imene mwayenda, chifukwa njira yolondola imalandira malikisi ngakhale yankho lomaliza litaphonya.

MSCE imatenga masabata, ndiye musaiweruze ndi pepala limodzi. Mu 2010 ku Angola, Flames ya Kinnah Phiri inayamba masewero ake mu mpikisano wa Africa Cup of Nations pothira Algeria zigoli 3 kwa 0, dziko lonse linavina. Kenako inagonja kwa Angola ndi Mali, n'kubwerako pa ndime ya m'magulu. Algeria yomwe inachita manyazi tsiku loyambalo inakafika mu semifainolo. Pepala loyamba likakuyenderani bwino musayambe chikondwerero, likakuvutani musataye otsalawo.

Kope la zolakwa lija litsekeni pa mapepala amene mwalemba kale, chifukwa pano palibenso chokonza. Mukatuluka m'chipinda musaime pagulu lofananiza mayankho. Pitani kunyumba kapena ku hostel, idyani, gonani pang'ono, kenako tsegulani timetable muone pepala la mawa ndi ola lake.